Mlambe unasamuka liti kupita ku banja la thonje?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Biology ndi Agriculture pa sukulu ina ya sekondale yoyendera. Buku limene ndinaphunzira nalo ku koleji limati mlambe uli m'banja la Bombacaceae, kaufiti ali mu Scrophulariaceae, ndipo mthethe ndi Acacia. Sabata yatha mwana wina wa Folomu 3 anandionetsa pa foni yake kuti zonsezi zinasintha. Ndinasowa chomuyankha pamaso pa anzake. Kodi akatswiri a zomera amangosintha mayina n'cholinga choti tizigula mabuku atsopano? Nanga ana ndiziwaphunzitsa ziti?

Yankho: Aphunzitsi, musachite manyazi. Buku lanu silinaname, linalemba zimene zinkadziwika pa nthawiyo. Mwanayonso sananame. Mlambe lero uli mu Malvaceae pamodzi ndi thonje, kaufiti ali mu Orobanchaceae, ndipo mthethe ambiri akuulemba Senegalia polyacantha. Chimene chinasintha kwenikweni ndi funso limene timafunsa poika zomera m'magulu. Kale tinkafunsa kuti chomera ichi chikufanana ndi chiti. Lero tikufunsa kuti chinachokera kwa kholo limodzi ndi chiti. Kumudzi mafunso awiriwa timawasiyanitsa bwino: mlendo akhoza kufanana nkhope ndi amalume anu mpaka anthu kumamupatsa moni molakwika, koma pa nkhani ya maliro kapena ya ufumu samuitana, chifukwa si wa m'mbumba.

Ndiyambire ku khitchini, chifukwa kumeneko n'kumene nkhani ya mlambe imamveka msanga. Mawu akuti therere m'Chichewa si dzina la chomera chimodzi. Pali therere lobala, pali denje, pali chewe, ndipo m'madera ena amaphika therere la masamba anthete a mlambe. Amayi anaziika zonsezi m'gulu limodzi chifukwa zimanandama mu mphika. Mabuku a zaka za m'ma 1900 anazimwaza: therere lobala mu Malvaceae, denje mu Tiliaceae, mlambe mu Bombacaceae, ndipo koko, amene amapangira chokoleti, anali m'banja linanso la pafupi lotchedwa Sterculiaceae. Atayeza DNA, uthenga wa chibadwa umene uli m'maselo a chamoyo chilichonse, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zinaoneka kuti malire a mabanja anayiwa sankatsata chibale. Mitengo ina ya mu Bombacaceae inali pafupi kwambiri ndi thonje kusiyana ndi anzake a m'banja lomwelo. Choncho anayi onsewo anawaphatikiza kukhala Malvaceae mmodzi wamkulu. Therere lobala, denje, mlambe, chidede, limanda, matowo, thonje ndi koko tsopano ndi a nyumba imodzi, ndipo kunanda kuja ndi chimodzi mwa zizindikiro za pa mtundu pawo. Apa amayi anatsogola. Koma chewe anawapusitsa: amanandama ndithu, koma ndi m'bale wa chitowe, m'banja la Pedaliaceae, kutali zedi ndi thonje. Mu mphika umodzi wa therere muli mbali zonse ziwiri za nkhaniyi, kufanana kochokera ku chibale ndi kufanana kongochitika.

Kuti muone momwe tinafikira pano, tibwerere m'mbuyo. Theophrastus, wophunzira wa Aristotle ku Greece zaka zoposa 2,000 zapitazo, anagawa zomera potengera msinkhu: mitengo, zitsamba zikuluzikulu, zitsamba zing'onozing'ono ndi zomera zofewa. Kwa zaka mazana ambiri pambuyo pake, amene ankalemba za zomera ku Ulaya anali asing'anga, ndipo ankaziika m'magulu potengera matenda amene zimachiza. Andrea Cesalpino wa ku Italy mu 1583 ndiye anayamba kuyang'ana zipatso ndi njere. John Ray wa ku England, kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, anaona kuti mbewu zina zimamera ndi katsamba kamodzi ngati chimanga pamene zina zimamera ndi timasamba tiwiri ngati nyemba. Monocot ndi dicot zimene mumalemba pa bolodi chaka ndi chaka zinachokera kumeneko.

Kenako kunabwera Carl Linnaeus wa ku Sweden. Timamukumbukira chifukwa cha mayina a mawu awiri amene anawakhazikitsa mu Species Plantarum mu 1753, ndipo mayinawo akugwirabe ntchito. Koma kagawidwe kake ka magulu kanafa kalekale, ndipo mukakaona mumvetsa chifukwa chake. Iye ankawerenga tinsinga tachimuna ta m'duwa, tija timanyamula mungu, n'kuona momwe takhalira, ndipo anapanga magulu 24. Njirayi inali yosavuta: aliyense wodziwa kuwerenga mpaka khumi akanatha kupeza malo a duwa lililonse. Zotsatira zake n'zimene zinali zoseketsa. Tirigu ali ndi tinsinga titatu, choncho anapita m'gulu lachitatu. Mpunga uli ndi tisanu ndi kamodzi, unakakhala m'gulu limodzi ndi anyezi. Chimanga, poti ngayaye ili pamwamba ndipo ndevu zili pa chitsononkho, chinapita m'gulu la nambala 21 pamodzi ndi maungu, nsatsi ndi paini. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga, mpunga ndi tirigu ndi udzu wokhawokha. Linnaeus mwiniwake ankadziwa kuti njira yakeyo ndi yongothandiza kupeza dzina, ndipo anayesapo kulemba magulu achibadwa koma sanamalize.

Amene anapititsa ntchitoyo patsogolo anali Afalansa. Michel Adanson anapita ku Senegal mu 1749 n'kukhalako zaka pafupifupi zisanu, ndipo zomera za kumeneko zinamuonetsa kuti kudalira chiwalo chimodzi cha duwa sikungathandize. Mu 1763 analemba mabanja 58 poyang'ana ziwalo zonse za chomera pamodzi. Dzina la mlambe, Adansonia, ndi la iyeyu. Antoine-Laurent de Jussieu mu 1789 anafikitsa mabanja pa 100, ndipo ambiri mwa iwo tikuwagwiritsabe ntchito. Augustin Pyramus de Candolle wa ku Geneva ndiye anapeka mawu akuti taxonomy mu 1813.

Kwa ife a kuno, mayina ofunika kwambiri ndi George Bentham ndi Joseph Dalton Hooker a ku Kew, munda waukulu wofufuzira zomera ku London. Kuyambira 1862 mpaka 1883 anafotokoza magulu a zomera za njere onse amene ankadziwika, akuyang'ana okha zomera zouma chimodzichimodzi. Inali nthawi yomwe zomera za kuno zinkafika ku Kew m'mabokosi. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, anatumiza zambiri, ndipo n'chifukwa chake masuku amatchedwa Uapaca kirkiana. Ndondomeko ya Bentham ndi Hooker inafalikira m'mayiko onse amene ankalamulidwa ndi Britain. Flora Zambesiaca, mabuku amene amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, anayamba kutuluka mu 1960 motsata ndondomeko yomweyo atangoikonza pang'ono. Mabuku ambiri a m'makoleji athu anatunga pa chitsime chimenechi. Choseketsa n'chakuti Bentham ndi Hooker eni ake anaika mlambe mkati mwa Malvaceae. Amene anabwera pambuyo ndiwo anautulutsanso, ndiye DNA yangoubwezera kumene unali mu zaka za m'ma 1860.

Pakati pa zonsezi panagwa buku la Charles Darwin mu 1859. Anthu a Jussieu ankanena za mabanja a zomera popanda kuganiza kuti pali kholo lenileni. Darwin atafotokoza kuti zamoyo zimachokera kwa makolo amodzi n'kumasintha pang'onopang'ono, mawu akuti banja anasiya kukhala fanizo. Vuto linali lakuti palibe amene anali ndi njira yotsimikizira chibalecho. Aliyense ankayang'ana maluwa omwewo n'kuganiza zake. Adolf Engler wa ku Berlin, amene mabuku ake ndi Karl Prantl anayamba kutuluka mu 1887, ankati maluwa oyambirira anali ang'onoang'ono, opanda timasamba tokongola, odalira mphepo. Charles Bessey wa ku America mu 1915 anati ayi, oyambirira anali aakulu a ziwalo zambiri zosalumikizana, ngati a magnolia. John Hutchinson wa ku Kew anagawa ma dicot pawiri, a thunthu lolimba ndi ofewa, zimene zinalekanitsa abale ambiri enieni. Armen Takhtajan ku Soviet Union, Rolf Dahlgren ku Denmark, Robert Thorne ndi Arthur Cronquist ku America, aliyense anali ndi ndondomeko yake. Ya Cronquist ya 1981 ndiyo inafala kwambiri m'mayunivesite. Anali anthu odziwa zomera kuposa ambiri a ife lero, koma akasiyana maganizo panalibe woweruza. Wophunzira ankangotsata ndondomeko ya aphunzitsi ake.

Zinthu ziwiri zinathetsa zimenezi. Choyamba chinali lamulo la kaganizidwe. Willi Hennig, Mjeremani wofufuza za tizilombo touluka, analemba mu 1950 kuti gulu loyenera kupatsidwa dzina liyenera kukhala ndi kholo limodzi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse, osasiyapo ngakhale mmodzi. Simungawerenge mbumba ya agogo n'kusiya mdzukulu wina chifukwa choti anatalika kwambiri kapena anapita ku Joni n'kusintha kavalidwe. Simungalowetsemonso woyandikana naye nyumba chifukwa choti amayenda ngati agogowo. Hennig anawonjezera kuti umboni wa chibale chapafupi ndi chizindikiro chatsopano chimene abalewo anatengera kwa kholo lawo lapafupi. Chizindikiro chakale chimene aliyense ali nacho sichithandiza. Kukhala ndi masamba obiriwira sikukuuzani chilichonse za chibale cha nyemba ndi nandolo, koma nyemba zawo za m'makoko zimakuuzani.

Chachiwiri chinali DNA. Mu 1993 Mark Chase ndi anzake 41 anafalitsa kafukufuku wa zomera pafupifupi 500, onse atayeza chidutswa chimodzi cha DNA chotchedwa rbcL. Anachisankha chifukwa chili m'zomera zobiriwira zonse, poti ndicho chimapanga mbali ya puloteni imene imakoka mpweya wa carbon dioxide popanga chakudya m'tsamba, komanso chimasintha pang'onopang'ono moti mukhoza kuyerekeza mlambe ndi chimanga. Kompyuta ikayala zilembo za DNA za zomera ziwiri, kusiyana kwake kumaonetsa kutalika kwa nthawi chisiyanirane. Ubwino wake ndi wakuti wina aliyense akhoza kubwereza ntchitoyo n'kuona ngati apeze zomwezo. Mu 1998 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana kutulutsa ndondomeko imodzi pansi pa dzina la gulu, Angiosperm Phylogeny Group, mwachidule APG. Yoyambayo inali ndi mabanja 462. Anaikonzanso mu 2003, mu 2009 ndi mu 2016. Ya 2016, yotchedwa APG IV, ili ndi mabanja 416 m'magulu aakulu 64, ndipo n'kutheka kuti ndiyo imene mwana uja anaona pa foni.

Chimene chingakukhudzeni kwambiri m'kalasi ndi nkhani ya dicot. Ma monocot anapirira mayesowo: chimanga, nthochi, anyezi, migwalangwa, chinanazi ndi chikande ndi mbumba imodzi yeniyeni. Ma dicot ndiwo anagwa. Zinapezeka kuti kumera ndi timasamba tiwiri ndi khalidwe lakale la zomera za maluwa zonse, ndipo ma monocot anangotaya kamodzi. Choncho dicot ankatanthauza chilichonse chimene si monocot, ngati kugawa anthu a pamudzi kuti awa ndi a Phiri, awa si a Phiri. Gulu lachiwirilo si mfunda. Ambiri mwa ma dicot akale, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zomera zonse za maluwa, ndi mbumba imodzi imene tsopano timaitcha eudicot, ndipo chizindikiro chawo chili pa mungu: ukauona pa maikulosikopu uli ndi timizere titatu, kapena unachokera ku wa timizere titatu. Nyemba, fodya, maungu, mango ndi mlambe zili mmenemo. Koma mapeyala, mpoza ndi sinamoni zili m'nthambi ina yakale yotchedwa magnoliid, ngakhale njere ya peyala imagawika pawiri bwinobwino. Kakombo, amene mizu yake ndi nyika ija anthu a ku Nsanje amakumba m'madambo nthawi ya njala, ali m'nthambi yakale kuposa pamenepo. Ndipo mu 1999 magulu angapo a ofufuza anapeza kuti nthambi imene inapatuka koyambirira kwenikweni yatsala ndi chomera chimodzi chokha, Amborella trichopoda, chitsamba chosaoneka bwino chimene chimamera pa chilumba cha New Caledonia basi.

Pa kakombo pomwepo pali nkhani imene ndimaikonda. Ku Asia kuli duwa la m'madzi lotchedwa lotus, masamba ake ozungulira, maluwa ake aakulu, ndipo kwa zaka zambiri linkaikidwa m'banja limodzi ndi kakombo kapena pafupi naye. DNA inaonetsa kuti abale a lotus ndi mitengo ya pamtunda, kuphatikizapo banja la Proteaceae, la ma protea a pa Nyika ndi pa Mulanje komanso makademiya a ku Thyolo. Madzi ndiwo anaumba zomera ziwirizi mofanana. Chimodzimodzi chilala: mitengo yathu ya Euphorbia ya minga ndi nthambi zonenepa imaoneka ngati cactus wa ku America, koma ndi abale a nkhadze, chinangwa ndi nsatsi, pamene cactus ali m'gulu lalikulu limodzi ndi bonongwe. Izi akale ankazidziwa kale chifukwa maluwa ake ndi osiyana, koma kwa lotus maso anawanamiza.

Tsopano kaufiti wanu. Scrophulariaceae wakale anali ngati chipinda chimene mumaponyamo katundu yense wosowa pokhala. Chomera chikakhala ndi duwa la milomo iwiri ndi njere zambiri zing'onozing'ono, koma chopanda chizindikiro china chapadera, ankachiponya mmenemo. Zomera zoyamwa mizu ya zinzake anazigawa pawiri. Zimene zinatayiratu kubiriwira anaziika mu Orobanchaceae, ndipo zimene zikadali ndi masamba obiriwira, monga Striga wa m'chimanga ndi mapira komanso Alectra wa mu khobwe, anazisiya mu Scrophulariaceae. Richard Olmstead ndi anzake mu 2001 anaonetsa kuti zoyamwa zonsezi ndi mbumba imodzi. Luso loboola muzu wa chomera china linayamba kamodzi kwa kholo lawo, ndipo ena mwa ana anapitirira mpaka kusiya kudzipangira chakudya. Kwa ofufuza zaulimi izi n'zothandiza, chifukwa zimene zapezeka pa Orobanche, amene amavutitsa alimi a nyemba ndi mpendadzuwa kumpoto kwa Africa ndi ku Ulaya, zimaunikira za kaufiti. Njere za onsewa zimadikira m'nthaka mpaka zitamva mankhwala otuluka m'mizu ya mbewu, ndiye zimamera.

Liliaceae anaphwasuka koposa. M'mabuku a Bentham ndi Hooker munali anyezi, adyo, alovera, katsitsimzukwa ndi duwa lofiira lija la Gloriosa, limene ndi duwa la dziko la Zimbabwe. Lero anyezi ndi adyo ali mu Amaryllidaceae, alovera mu Asphodelaceae, Gloriosa mu Colchicaceae, ndipo katsitsimzukwa ali mu Asparagaceae pamodzi ndi khonje, amene kale anali ndi banja lakelake. Liliaceae amene watsala ndi wa kumayiko ozizira a kumpoto, ndipo m'tchire lathu mulibe chomera chake chachilengedwe. Zosamuka zina zodziwika kwanu ndi izi: masuku anachoka ku banja la chinangwa kupita ku Phyllanthaceae, malaina anachoka ku banja la lantana kupita ku Lamiaceae kumene kuli mpungabwi ndi buye, ndipo sipinachi ndi bitiruti analowa m'banja la bonongwe.

Nkhani ya mthethe ndi yosiyana, ndipo apa ndikuuzani maganizo anga mosabisa. Muli zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi sayansi: Acacia wakale, wa mitundu yoposa 1,000 ku Africa, America, Asia ndi Australia, sanali mbumba imodzi. Ngakhale ya kuno yokha ndi magulu awiri, ya minga yowongoka yomera iwiriiwiri pa tsinde la tsamba, ndi ya minga yokhota ngati mbedza. Kugawa kunali kofunika, ndipo msangu unali utatulutsidwa kale ndi Auguste Chevalier mu 1934 kukhala Faidherbia albida, ngakhale mabuku a zankhalango anapitiriza kulemba Acacia albida kwa zaka zambiri. Chachiwiri ndi funso lakuti dzina lakale litsale ndi ndani, ndipo limeneli si la DNA. Mwa malamulo a mayina, dzina limatsala ndi gulu limene muli mtundu umene unayimira dzinalo poyamba, ndipo umenewo unali Acacia nilotica, mtengo wa ku Africa ndi India. Akatswiri a ku Australia anapempha kuti lamulolo lipatukidwe chifukwa mitundu pafupifupi 1,000 ili kwawo, ndipo kusintha mayina onsewo kukanakhala chintchito. Pa msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera ku Vienna mu 2005 pempho lawo linadutsa, ngakhale mavoti opitirira theka anali okana, chifukwa pankafunika 60 pa 100 alionse kuti likanidwe. Ku Melbourne mu 2011 chigamulocho anachitsimikiza. Ndiye ya kuno inakhala Vachellia, ya minga yowongoka, ndi Senegalia, ya minga yokhota. Ine ndimaona kuti Africa inalandidwa dzina pa voti imene mayiko ake anali ndi mawu ochepa. Koma ndimalemba Senegalia polyacantha, chifukwa kukakamira Acacia pa mitengo yonse kungakhale kunena kuti mthethe ndi m'bale wapafupi wa mitengo ya ku Australia, zimene si zoona. Mudzapezabe akatswiri ena a kum'mwera kwa Africa amene amalemba Acacia mwadala.

Mukuti mwina amasintha kuti tigule mabuku. Kukayika kwanuko ndikukumvetsa, koma amene amavutika kwambiri ndi kusinthaku ndi akatswiri omwewo. Mu herbarium, nyumba yosungira zomera zouma ngati ija ya ku Zomba, mapepala amasanjidwa m'makabati motsata mabanja. Banja likagawika ndiye kuti wina ayenera kunyamula mafayilo, kulembanso zikuto ndi kusuntha makabati. Ya ku Paris, imene ili ndi zomera zouma mamiliyoni angapo, inasanjidwanso yonse motsata APG itakonzedwa zaka za m'ma 2010 zikuyamba. Ku Kew, mabedi a maluwa amene anadzalidwa motsata Bentham ndi Hooker anawazula n'kudzalanso motsata DNA, ndipo munda watsopanowo unatsegulidwa mu 2019. Palibe amene amachita zotere mongosangalala. Ndivomerenso kuti si zonse zimene DNA imagamula. Imakuuzani kuti nthambi zinagawika motani, koma siikuuzani pamene mudule kuti apa ndi banja. Kuphatikiza mabanja anayi kukhala Malvaceae mmodzi kunali kusankha kwa anthu. Akanatha kuwagawa kukhala mabanja ang'onoang'ono pafupifupi khumi, ndipo ena anayesadi kutero. Asparagaceae wa lero ndi wamkulu moti ngakhale ine sindingakupatseni chizindikiro chimodzi chooneka ndi maso chimene chimagwirizanitsa khonje ndi katsitsimzukwa. Kumeneko ndondomeko yatsopano ndi yovuta kuphunzitsa kuposa yakale.

Kodi zidzasinthanso? Pang'ono, inde. Koma chivomezi chachikulu chinadutsa pakati pa 1993 ndi 2009. Kusiyana kwa APG ya 2009 ndi ya 2016 n'kochepa. Mu 2024 ofufuza otsogozedwa ndi a ku Kew anafalitsa chithunzi cha nthambi za chibale cha mitundu yoposa 9,500 atayeza zidutswa 353 za DNA pa chomera chilichonse m'malo mwa chimodzi chija cha 1993, ndipo mabanja ambiri anaima monga analili. Zimene zikusunthabe kwambiri ndi za mkati mwa mabanja. Mu 2017 banja la nyemba linagawidwanso m'magawo asanu ndi limodzi m'malo mwa atatu a m'buku lanu, ndipo mitengo ya miombo monga tsamba ndi mombo inachoka mu Caesalpinioideae kupita mu Detarioideae. Buye anachoka mu Plectranthus kupita mu Coleus mu 2019. Nthawi zina kusintha kumakhala kubwerera: Linnaeus anatcha tomato Solanum lycopersicum mu 1753, Philip Miller anamutulutsa n'kumupatsa dzina la Lycopersicon limene munaloweza ku koleji, ndipo DNA inaonetsa kuti tomato ndi m'bale wapafupi kwambiri wa mbatatesi moti anabwerera mu Solanum ndi dzina lake loyamba.

Nanga ana muwaphunzitse ziti? Pa mayeso, tsatani silabasi ndi buku lovomerezeka. Ngati funso likufuna kusiyana kwa monocot ndi dicot, mwana alembe za mitsempha ya tsamba, mizu, ndi chiwerengero cha timasamba ta duwa monga mwa nthawi zonse. Zimenezo n'zoonabe pa chimanga ndi nyemba, ndipo mawu akuti dicot akadali othandiza pofotokoza maonekedwe ngakhale si dzina la mbumba. Mukatero muwauze kuti pali nkhani yotsatira. Polemba dzina limene linasintha, lembani latsopano kenako lakale pambali, chifukwa mwana amene adzapite ku koleji ya zaulimi kapena ya zankhalango adzakumana ndi onse awiri, ndipo pofufuza za msangu adzafunika kudziwa kuti malipoti akale amati Acacia albida. Mukafuna kutsimikiza dzina, tsamba la pa intaneti la Plants of the World Online la ku Kew ndi laulere ndipo limaonetsa dzina lovomerezeka pamodzi ndi akale onse. Mabanja amene alimi amawadalira pa kasinthasintha wa mbewu sanagwedezeke: udzu, nyemba, maungu, kabichi, ndi banja la fodya, tomato ndi mbatatesi akadali momwemo. Pamene pasintha, nthawi zambiri pamafotokoza zimene mlimi ankaziona kale, monga tizilombo tofiira tija tothimbiritsa thonje timene timapezekanso pa therere, pa matowo ndi pa zipatso za mlambe.

Ndipo mwana uja mum'patse ntchito. Abweretse papaya wakupsa, masamba a mpiru, luni ndi kamuzu ka cham'mwamba. Aliyense m'kalasi atafune njere imodzi ya papaya, kenako tsamba la mpiru laliwisi, anunkhize luni wofikisa m'manja ndi muzu wa cham'mwamba wopala. Kuyabwa kwa m'mphuno n'kofanana, chifukwa zonsezi zimapanga mafuta a mtundu umodzi odzitetezera ku tizilombo. Cronquist anaika papaya kutali, m'gulu limodzi ndi magalagadeya ndi maungu, poyang'ana kapangidwe ka chipatso. Dahlgren anali atakayikira kale kuti mafutawo ndi chizindikiro cha chibale ndipo anasonkhanitsa zambiri mwa zomera zotere pamodzi, koma ambiri sanamutsatire. Lero papaya, cham'mwamba, luni, mpiru ndi kabichi zili m'gulu limodzi lotchedwa Brassicales. Muwauze asameze njere zambiri, imodzi ndi yokwanira.